Chikwanje chachifupi pa tchire lowirira

Nachisale (Old Naisi): Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru. Kuseri kwa nyumba kuli malo otsetsereka, pafupifupi kota ya ekala, awirira koopsa. Muli lantana, deliya, magwafa ongomera okha, ndipo cha kumunsi kukhwawa kuli lunguzi ndi nsungwi pang'ono. Mtauni ndaona zikwanje za mitundu iwiri, cha mainchesi 18 ndi cha mainchesi 12. Anyamata aganyu akuti chachifupicho n'choseweretsa ana. Kodi chingagwire ntchito pa tchire lotere?

Achimwene a ku Jali: Anyamatawo sakunama mayi. Gulani chachitali. Chachifupi chidzakuthyolani msana, ndipo minga idzakumalizani manja.

aPhiri a ku Thondwe: Ayi achimwene, zimatengera tchire lake. Kwanu kuchigwa mumalimbana ndi bango, tsekera ndi udzu wa m'madambo a Chilwa. Pamenepo chachitali chimapambanadi, chifukwa zomera zofewa zimafuna liwiro la kunsonga komanso kufika patali. Zimene atchula mayiwa ndi zitsamba zolimba zolukanalukana, popanda malo otambasulira mkono. M'tchire lotere chikwanje chachitali chimakola nsonga m'nthambi za pamwamba kapena za kumbuyo pamene mukuchikweza, ndiye chimatsika chitakhota n'kulunjika pabondo kapena pamsongolo. Chachifupi, cha masentimita 30 mpaka 35, chimazungulira m'malo osakwana mita imodzi, ndipo chimagwa pomwe diso layang'ana. Chofooka chake n'chimodzi: chilibe kulemera kokwanira ngati ndi chopyapyala. Choncho pa chachifupi sankhani chofutukuka kunsonga, chokhuthala mamilimita 2.5 kapena 3.

Achimwene a ku Jali: Nanga msana uja?

aPhiri a ku Thondwe: Msana umapweteka munthu akamawerama miyendo ili chiwongokere. Pindani mawondo, kapena gwadani bondo limodzi podula patsinde. Koma udzu wokhawokha musauyambe ndi chachifupi, umenewo ndi wa chikwakwa.

Che Msula (Songani): Mayi, pogula yang'anani izi. Chitsulo chilowe m'chogwirira mpaka kumapeto, chokhomedwa ndi maliveti atatu. Chimene chitsulo chake chimathera pakati pa chogwirira chimayamba kugwedera msanga, kenako thabwa limang'aluka pa liveti yoyamba. Chiyimikeni pansi n'kuchipinda pang'ono: chabwino chimabwerera mwakale, chosaumitsidwa bwino chimatsala chokhota. Ngati wogulitsa alola, khudzani ndi tupa kukamwa kwake, mbali yodulirayo. Tupa iyenera kuluma koma movutikira pang'ono. Ikamaterereka osaluma konse, chitsulocho ndi chouma kwambiri ndipo chidzabenthuka chikakumana ndi gwafa wouma kapena mwala. Ikamadya mosavuta kwambiri, ndi chofewa, muzidzanola nthawi ndi nthawi. Za kufakitale monga Tramontina ya ku Brazil zimakhala zopyapyala, pafupifupi mamilimita 2, zopepuka, zabwino pa deliya ndi lantana. Zosula ndi sipulingi ya galimoto zimalemera, zimadya gwafa ndi bulugamu mosavuta, koma mkono umatopa nazo msanga ndipo kuumitsa kwake kumasiyana msula ndi msula.

Nachisale (Old Naisi): Zikomo che. Koma zonse zimene ndagwira m'sitolomo n'zobuntha.

Che Msula (Songani): Zimabwera choncho, kunola koyamba n'kwanu. Ndipo apa m'pamene ambiri amaonongera chikwanje chatsopano. Amapita nacho pa galayinda, mnyamata n'kukanikiza mpaka kukamwa kwake kusanduka kwa buluu kapena kofiirira. Mtundu umenewo ndi chizindikiro choti chitsulo chapsa, kuuma kwake kwachoka, ndipo pamenepo pazidzangopindika. Ngati mwasankha galayinda, adutsitse mopepuka n'kumaviika m'madzi pafupipafupi, chisatenthe kufika poti chala sichingakhudze.

Njira yabwino ndi tupa yafulati ya mainchesi 8 kapena 10, yokhala ndi chogwirira chake. Panani chikwanjecho pa vayisi, kapena bayani nsonga yake pachitsa n'kutsamiritsa chogwirira pantchafu, kukamwa kwake kuloze kutali ndi inu. Tupa imadya pokankha pokha. Mukamaibweza muziinyamula, apo ayi mano ake amatha. Ipendekeni pang'ono, madigiri 15 mpaka 20 mbali iliyonse, kutanthauza kuti malo owala amene tupa yadya akhale otambalala mamilimita 4 mpaka 6 pa chitsulo cha mamilimita 3. Kankhani kuchokera cha kuchogwirira kupita kunsonga, mofanana, mpaka mutamva kachitsulo kopindikira mbali inayo mukasisita ndi chala kuchokera kumsana kutsikira kukamwa. Musasisite motsata kukamwa kwake, mudzicheka. Kachitsulo kameneko kakamveka ponseponse, tembenuzani, chitani chimodzimodzi, kenako malizani ndi mwala wonolera wonyowa kuti kachoke. Mukakasiya, chikwanje chimaoneka chakuthwa koma chimabuntha mutangodula zitsamba zochepa.

Zinanso ziwiri. Masentimita 5 mpaka 8 oyandikana ndi chogwirira musanole, pamenepo sipadula kanthu koma zala zanu dzanja likaterereka. Ndipo musachinole mopyapyala kwambiri. Kukamwa kopyapyala kumakanirira mumtengo komanso kumabenthuka. Kukhale kozungulirako pang'ono kuti kuzikankha zibanthu kunja.

Achimwene a ku Jali: Kwathu ambiri amanola mbali imodzi yokha.

Che Msula (Songani): Zimatheka pa bango ndi udzu, pamene mukudula mbali imodzimodzi tsiku lonse. M'tchire lolukana mumatema uku ndi uku, ndipo chonola mbali imodzi chimathawa mtengo mukatembenuza dzanja. Komanso wamanzere sangabwereke.

aPhiri a ku Thondwe: Tsopano kagwiritsidwe. Choyamba dulani ngowe. Pezani nthambi yaiwisi ya gwafa yokhala ndi mphanda, yaitali pafupifupi mita imodzi, siyani mbali imodzi ya mphandayo masentimita 10. Ngowe imakhala kudzanja lamanzere. Ndi imene imakoka chitsamba kuti tsinde lionekere, kupinda nthambi kuti ikungike, ndi kuponya zodulazo kumbuyo. Chikwanje chachifupi popanda ngowe ndiye kuti dzanja lamanzere lilowa m'minga ndi pafupi ndi chitsulo, ndipo mabala ambiri a zikwanje amakhala a dzanja lomwelo.

Kagwiridwe: musafumbate mwamphamvu. Gwirani zolimba ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, zala zitatu zinazo zikhale zomasuka, ndipo zifumbate pa nthawi imene chikwanje chikufika pamtengo. Mphamvu ichokere pachigongono ndi pamfundo ya dzanja, osati paphewa. Wofumbata mwamphamvu amatuluka matuza msanga ndipo chigongono chimamupweteka chifukwa kugunda konse kumathera m'mkono mwake.

Temani mopendeketsa, pafupifupi madigiri 45. Mukatema mopingasa chikwanje chimadumpha kapena kukanirira, mukapendeketsa kwambiri chimasenda khungwa n'kupitirira. Malo odulira ali cha kutsogolo, pamimba pofutukuka paja, osati kunsonga kwenikweni kapena pafupi ndi dzanja. Ngati ndinu wamanja, mwendo wamanzere ukhale kumbuyo mukamatema kuchokera kumanja kupita kumanzere, kuti chikwanje chikapyola chipeze mpweya osati msongolo. Tsinde lonenepa ngati chala limagwa kamodzi. La masentimita 4 mpaka 6 temani kumwamba ndi kumunsi mosinthanasinthana kuti pazichoka chibanthu. Loposa pamenepo lisiyireni nkhwangwa kapena sowo, mungotopa pachabe ndi kumasula chogwirira.

Bambo Zamitengo (Domasi): Ndiwonjezere za ndondomeko, chifukwa anthu amalowa pakati pa tchire n'kudzitsekera okha. Pamalo otsetsereka yambirani kumunsi kukwera, kuti zodula zizigwera kumene mwamaliza kale, ndiponso tsinde lizikhala pamwamba pang'ono pa mapazi anu, osawerama kwambiri. Tsekulani kanjira ka mita imodzi kapena imodzi ndi theka, kenako muzidya tchirelo m'mbali mwa kanjirako. Chitsamba chachikulu chimadulidwa kawiri: poyamba nthambi za msinkhu wa m'chiuno kuti muone mkati, kenako tsinde. Musateme pamene simukuona. M'tchire la m'malire mumabisala miyala, mabotolo, waya wa minga wakale ndi mapaipi a madzi.

Zitsa zosongoka musazisiye. Kutema kopendeketsa kuja kumasiya zisonga zimene zimaboola nsapato ndi kubaya munthu akagwa. Bwererani n'kuzidula fulati pafupi ndi nthaka, koma osamenya dothi. Nthaka ya m'mbali mwa phiri ili ndi timiyala, kumenya kamodzi kokha kumafuna tupa.

Chenjerani ndi kamtengo kopindika kamene kapanikizidwa ndi zitsamba zina. Mukatema kunja kwa kupindikako kamafwamphuka n'kukumenyani kumaso. Imani kumbali, sendani pang'onopang'ono mkati mwa kupindikako mpaka kafooke kokha.

Nachisale (Old Naisi): Lunguzi ndi amene akundiopsa kwambiri. Wakwera mpaka m'mitengo.

Bambo Zamitengo (Domasi): Musalimbane naye ali wamuwisi. Minga yake ndi yokowa, mukakoka nthambi imodzi chitsamba chonsecho chimakutsatirani. Boolani kampata ndi ngowe mpaka mufike patsinde, dulani matsinde onse, chotsani chidutswa cha masentimita 50 pa lililonse kuti muzindikire amene mwadula, ndiye musiyeni pomwepo milungu iwiri kapena itatu. Masamba akayoyoka amapepuka, mkati mumaoneka, ndipo mumamudula zidutswazidutswa za mita imodzi n'kumakoka ndi ngowe. Apa ndivomereze kuti achimwene a ku Jali ali ndi mfundo: pa lunguzi chikwanje chachifupi chimakuyandikitsani kuminga. Ngowe ikhale yaitaliko, mita imodzi ndi theka.

Zomera zinazo chilichonse chili ndi khalidwe lake. Deliya ndi wofewa, amagwa msanga, koma mapesi ake aawisi akagona panthaka yonyowa amamera mizu. Masamba ake ndi manyowa abwino, pululani muike m'munda kapena pa kompositi, mapesiwo muwaumitse pamwamba pa zitsamba zina. Lantana mukamudula amaphuka mwamphamvu kuposa kale. Siyani chitsa cha masentimita 30 chogwirira, ndiye mvula ikafewetsa nthaka muzule ndi khasu kapena piki pamodzi ndi mutu wa mizu. Masamba ake musawaunjike pofika ng'ombe ndi mbuzi, amaononga chiwindi cha ziweto. Gwafa amaphuka pachitsa ndi m'mizu momwe, ndiye ndi wozula kapena wobwerezabwereza kudula mphukira zisanakhwime. Nsungwi dulani pamwamba penipeni pa mfundo kuti chitsa chisasunge madzi oswanirana udzudzu, ndipo temani mozungulira, chifukwa mukamenya mbali imodzi imang'aluka ndipo m'mphepete mwa nsungwi yong'aluka mumacheka. Imabunthitsanso chikwanje msanga kuposa mitengo.

Chikwanje chimatsekula malo, sichipha tchire. Amene akuti akulambulirani kamodzi basi n'kulandira ndalama yonse, dziwani kuti pofika February malowo adzakhala atabiriwiranso.

Mayi a Tadala (Matawale): Palibe watchula chitedze ndi nkhadze, pamene m'makhwawa a Zomba muno n'zosasowa. Chitedze chimaopsa m'chilimwe nyemba zake zikauma, ubweya uja umauluka mukangogwedeza chitsamba. Yang'anani m'mwamba musanateme. Mukachiona, dulani tsinde la chingwe chake pansi, imani kumene mphepo ikuchokera, ndipo ndi bwino kuchita m'mamawa mame asanaume. Chikakugwerani musakande, mumangolowetsa ubweyawo m'khungu. Matani selotepi n'kumatula kangapo, kenako sambani ndi sopo, zovalazo zichapidwe pazokha. Nkhadze ndi yoopsa kumaso. Utomoni wake woyera umathovoka mukatema, ndipo ukalowa m'diso umatentha kwambiri mpaka kuononga diso. Tsukani ndi madzi oyera ambiri mosalekeza kwa mphindi 15 kapena 20, kenako kuchipatala. Valani magalasi, ngakhale otchipa a amisiri, ndipo musapukute thukuta kumaso ndi dzanja limene lagwira utomoniwo.

Achimwene a ku Jali: Ndi mavu. Amamanga kunsi kwa masamba a gwafa.

aPhiri a ku Thondwe: Eya, n'chifukwa chake ngowe iziyamba kugwedeza chitsamba chikwanje chisanafike. Njoka zambiri zimathawa zikamva kugwedezeka, koma mphiri siithawa, imangokhala phee m'masamba ouma. Majombo ndi thalauza lokhuthala, osati patapata. Milu ya zodula imene yagona masiku angapo muziitembenuza ndi ngowe musanainyamule.

Wachinyamata wa ku Chinamwali: Madala, nanga kachingwe komangira padzanja kaja? Zikwanje zina zazifupi zimabwera ndi kabowo pachogwirira.

Che Msula (Songani): Ine ndimati ayi. Chikwanje chikapulumuka chili chomangirira padzanja chimazungulira n'kubwerera kwa mwini wake. Bola chigwe pansi.

aPhiri a ku Thondwe: Apa tisiyana pang'ono che. Pamalo otsetsereka pamene pali anthu ena kumunsi, chikwanje chouluka n'choopsanso. Kachingweko kamathandiza ngati kali kakafupi, kokoledwa kuchala chachikulu n'kudutsa kuseri kwa dzanja, osati kolendewera pamkono. Kakakhala kakatali ndiye zimene mukunenazo zimachitikadi.

Che Msula (Songani): Ndiye konzani chimene chimapulumutsa chikwanjecho. Chogwirira cha pulasitiki chimaterera ndi thukuta. Kulungani mphira ya chubu cha njinga, yodula masentimita 2 m'lifupi, mokoka bwino, kuyambira kumapeto kukwera, n'kupanga kamutu kumapetoko kuti dzanja lizitsamira. Cha thabwa chipaleni ndi sandipepa pamene pali m'mphepete mwakuthwa ndi pamene maliveti atulukira, m'pamene pamayambira matuza. Chikayamba kugwedera musachinyike m'madzi kuti chitupe, chikauma chimagwedera koposa. Ikani liveti pachitsulo n'kuikhoma ndi hamala kuti ifutukuke.

Mayi a Tadala (Matawale): Zonsezo zili apo, anthu atalikirane. Mamita atatu ndiye ochepetsetsa, asanu ndi abwino, ndipo wina asagwire ntchito kumunsi kwenikweni kwa mnzake. Ana asatole nkhuni pamene mukutema. Za magolovesi, valani kudzanja la ngowe. Kudzanja la chikwanje golovesi yaikulu kapena yonyowa imatereretsa.

Ngozi zambiri zimachitika munthu atatopa ndipo chikwanje chitabuntha, chifukwa pamenepo amayamba kumenya ndi mphamvu. Pumani pakatha mphindi 40 kapena ola, imwani madzi, dutsitsani tupa kangapo. Munthu akatemeka, kanikizani balalo ndi nsalu yoyera mwamphamvu kwa mphindi 10 osasuzumira, kwezani mkono kapena mwendowo. Nsalu ikanyowa onjezerani ina pamwamba osachotsa yoyambayo. Musathire dothi, phulusa, mchere, fodya kapena mafuta a mabuleki. Bala lakuya, loyasama, la pamfundo, kapena ngati chala chikukanika kupinda kapena chachita dzanzi, thamangani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa kusoka kumafuna bala latsopano ndipo mtsempha woduka sulumikizana wokha. Funsaninso za katemera wa kafumbata. Njoka ikaluma musateme pabalapo, musayamwe, musamange zolimba. Vulani mphete ndi zothina, munthuyo asayendeyende, mumunyamule kupita ku Zomba Central Hospital kapena chipatala chapafupi.

Nachisale (Old Naisi): Ndamva. Nanga zodulazo nditenthe? Anyamata akufuna kuyatsa akangomaliza.

Bambo Zamitengo (Domasi): Pamalo otsetsereka musafulumire. Choyamba, kumeneko muli kufupi ndi nkhalango ya boma ya phiri la Zomba. Tsimikizani malire anu ndi a Forestry musanadule chilichonse cha kumtunda, chifukwa lamulo la nkhalango la 1997 limaletsa kudula kapena kuyatsa moto m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo, ndipo moto wa September ndi October ukathawa sumva kuti malire ali pati. Chachiwiri, nthaka yosiyidwa mbee pamtsetse imapita ndi mvula yoyamba. Tonse tikukumbukira zimene namondwe Freddy adachita m'mapiri a chigawo chakummwera mu March 2023. Yalani nthambi zouma m'mizere yopingasa mtsetse, mukhomere zikhomo kumunsi kwake, zizigwira dothi mpaka mutabzala vetiva. M'mphepete mwa khwawa musalambule mpaka kumadzi. Nsungwi zija zikugwira gombe, zipatulireni pochotsa zokalamba ndi zouma zokha. Mitengo yachilengedwe imene mupeze yabisala m'tchiremo, monga masuku kapena mbawa zazing'ono, imangeni kansalu anyamata asanayambe, chifukwa waganyu amatema chilichonse chili kutsogolo kwake.

Zoyenera moto ndi lunguzi ndi lantana wokhala ndi njere. Unjikani timilu tating'ono pamalo opalidwa mozungulira mamita awiri, yatsani m'mamawa kopanda mphepo, madzi ali pafupi, ndipo musachoke phulusa lisanazizire.

aPhiri a ku Thondwe: Ndipo ntchito ikatha chachifupicho sichigona. Amene adabzala gilisidiya m'chimanga monga amaphunzitsira ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Makoka amadziwa kuti podula mitengoyo pa masentimita 30 pakati pa mizere, chachitali chimapweteka chimanga. Posadza nthochi, podula mapesi a nandolo ndi posongola zikhomo ndi chimodzimodzi.

Achimwene a ku Jali: Chabwino, ndagonja theka. Koma mayi mugule ndi chikwakwa chomwe, udzu ukamera pamalo mwatsekulapo mudzandikumbuka.

Wachinyamata wa ku Chinamwali: Posunga mumapaka chiyani? Changa chimachita dzimbiri usiku umodzi wokha.

Che Msula (Songani): Utomoni ndi umene umayambitsa, makamaka wa nthochi ndi deliya. Tsukani, chotsani zomata ndi parafini pang'ono kapena phulusa lonyowa, pukutani chiume, pakani mafuta. Oyilo wakutha wa galimoto amagwira, koma osati pa chikwanje chimene mudzadulira nzimbe, chinangwa kapena nyama. Chimenecho pakani mafuta ophikira pang'ono chabe, ochuluka amanata. Musachisunge m'chimake chachikopa kapena chasaka chili chonyowa, ndipo musachigoneke pasimenti, chipachikeni. Chimake chosavuta ndi paipi ya pulasitiki yofewetsa pamoto n'kuiphwatalitsa pakati pa matabwa awiri, muboole kabowo kunsi kotulukira madzi. Poyenda nacho pamsewu kapena pa minibasi chikulungeni m'thumba. Chikwanje cha pamtunda m'tauni, makamaka kukada, chimaitana mafunso a apolisi ndi a chitetezo cha m'dera.

Nachisale (Old Naisi): Zikomo nonse. Nditenga chachifupi chokhuthalacho, tupa ndi chikwakwa. Funso lomaliza: tiyambe pano kapena tidikire mvula?

Bambo Zamitengo (Domasi): Dulani pano kukali kouma, lunguzi aume bwino ndipo mizere ya nthambi ikhale itayalidwa mvula ya November isanafike. Kuzula zitsa dikirani nthaka inyowe, cha mu December. Mphukira zoyamba muzidule zikafika m'mawondo, zisanachite maluwa, ndipo mubwerezenso mvula isanathe.